Zimene Ndinapeza Pansi pa Chogwirira

Arvid anandisainitsa mapepala atatu,
nakankhira kabokosi kwa ine pa kauntala.
"Yachokera ku Bulgaria iyi, Delmar.
Yagona m'nkhokwe ya asilikali zaka makumi anayi."
Ndinatsika nayo chitunda cha Duluth
madzi oundana akuphwanyika pansi pa nsapato.

Usiku, m'galaja, kambaula kamagetsi kakung'ung'udza pakona.
Choyamba ndasuzumira m'mimba mwake: mulibe chipolopolo.
Ndasuzumiranso kachiwiri,
pakuti bambo anga ankati mfuti yopanda kanthu
ndi imene inaboola denga la m'bale wawo.

Koma girizi wake!
Wofiirira, wouma, wokakamira ngati ngongole,
m'ngodya iliyonse, m'kamng'alu kalikonse.
Amene anamupaka sankafuna dzimbiri lipeze polowera,
ndipo ndikumugwadira, ngakhale ndikumutukwana.
Ndayala nyuzipepala ya Lamlungu,
ndaiphwasula chiwalo ndi chiwalo,
tizitsulo ndatindandalika m'thireyi yophikira makeke
imene Lorene akuganiza kuti inatayika.

Iyeyo watsegula chitseko, wagwira mphuno.
"Fungo limenelo lisafike kukhitchini kwanga."
Watsekanso. Koma khofi wasiya pa shelefu.

Mswachi wakale, kansalu ka malaya ong'ambika.
Kupukuta, kupukuta,
mpaka mpope wake ndauloza ku babu
ndaona kuwala kukuzungulira m'katimo, mbee.
Sipuling'i yatopa, yafupika pogona;
ndaikamo yatsopano, yandithawa m'manja kawiri,
ndaipeza pansi pa galimoto nditagwada, mawondo akudandaula.
Kadontho ka penti yoyera pa kachitsulo kolozera,
chifukwa maso anga aona zisanu makumi asanu ndi limodzi
ndipo chakuda pa chakuda sakuchisiyanitsanso.

Chatsala chogwirira.
Chatsopano ndinaitanitsa pa positi,
cha thabwa losalala, lonunkhira vanishi.
Chakalechi ndi pulasitiki yofiirira, yokandika,
sikuluu imodzi yokha ikuchigwira.
Ndamasula. Ndachitembenuza.

M'kati mwake munthu anakandamo ndi nsonga ya mpeni.
Timizere ting'onoting'ono, tothithikana,
tinayi toimirira, kachisanu kopingasa,
ndipo pamwamba zilembo zisanu ndi chimodzi
zimene sindinaphunzire kusukulu.

Khofi wazizira ndisanamulawe.

M'mawa ndawoloka msewu kwa Stoyanka wosoka makatani.
Wavala magalasi, wachiyandikiza pawindo.
"Nevena," watero. "Dzina la mtsikana."
Kenako chala chake chayenda pa timizere tija.
"Masabata awa. Anyamata ankawerenga.
Mchimwene wanga ankalemba m'kati mwa lamba."
Tawerenga limodzi, iye m'chinenero chake, ine m'changa:
makumi asanu ndi limodzi, kudza kamodzi.
"Zaka ziwiri sizithera pamenepo," watero,
nandibwezera osandiyang'ana.

Mwina anamusamutsa, mfuti n'kupatsidwa wina.
Mwina mpeni unathyoka.
Mwina kalata inabwera, yaifupi,
ndipo kuwerenga kunalibenso ntchito.
Zina sindifuna kuziganiza ndili ndi chitsulo m'manja.

Ndabwerera m'galaja.
Thabwa lija likunyezimira pa tebulo, likundidikira,
madola makumi atatu anga.
Ndaliyesa. Likukwana bwino lomwe, dzanja likukondwa.
Ndakhala nalo mphindi zingapo.
Ndamasulanso.

Timizere tija sindinatipukute ndi mswachi;
ndangopemerera fumbi, ndabwezera pulasitiki pamalo pake,
sikuluu ndamanga pang'onopang'ono, kuopa kuing'alula.
Thabwa lapita m'dilowa,
momwe muli makiyi a nyumba zimene tinasamukamo.

Loweruka ndipita nayo kobowola mapepala,
ine ndi Arvid, makutu titatseka.
Ikadzabwera kunyumba idzagona m'sefa, kiyi m'thumba mwanga.
Lorene wafunsa ngati ndamaliza kuikongoletsa.
Ndati eya.
Waiyang'ana, wati, "Sikuoneka kusintha."
Kenako waona thireyi yake.